Mutu Wake Si Umenewo

Tsiku limene ndinaganiza zochoka kwathu ndinali nditakhala pamwala. Osati kamwala ayi. Mwala wake ndi waukulu ngati tchalitchi, ndipo uli pakati penipeni pa munda wathu, pamene kale tinkadzala nandolo. Anaubweretsa ndi napolo kuchokera m'phiri la Michesi, chaka chija madzi anakokolola midzi, n'kuusiya pamenepo ngati mlendo wosadziwa kutsanzika. Unabweranso ndi ana ake, adzukulu ake, ndi apongozi ake omwe. Ukati ulime, khasu limangolira ngati belu la kusukulu.

Ine ndine Ganizani, wa ku Chiringa. Nthawi imeneyo zotsatira za Fomu 4 zinali zitangotuluka, ndipo tingoti amene ankachonga mapepala anga ali ndi chidani ndi mtundu wathu. Madala anali atawolokera ku Mozambique kukagwira ganyu ya miyezi itatu yokha. Miyezi itatu yakeyo pano ikukwanitsa zaka ziwiri. Ndiye pakhomo tinatsala atatu: ine, amayi, ndi mchemwali wanga wamng'ono Edina, amene anali atangolowa Sitandade 8.

Nzeru zonse za pabanja pathu anakokolola ndi Edina, ine anangondisiyira pakamwa. Mwana ameneyu amawerenga ngakhale pepala lokulungira usipa. Ndiye pamwala paja ndinati basi, ine sukulu yandikana, koma Edina alembe mayeso ake, asankhidwe ku sekondale yogonera komweko, ndipo sutikesi yake ndidzagule ndine. Ndinalumbira pamaso pa miyala yonse.

Kuti mumvetse, muyambe mwawadziwa amayi anga a kale. Amayi anga akati "Ganizani" ali ku Chiringa, amayankha Ganizani wina wa ku Migowi. Akakwiya ankayambira m'Chichewa n'kukamalizira m'Chilomwe, ndipo akafika m'Chilomwemo ngakhale nkhuku zinkalowa zokha m'khola. Posinja ankaimba, pochapa ankaimba, kukwaya ya amayi ndi amene ankayambitsa nyimbo. Koma chidutsireni napolo, madala n'kuchokanso, mawu aja anayamba kuchepa pang'onopang'ono. Ine sindinadabwe. Ndinkangoti mwina ndasanduka mwana wabwino.

Ndinawapeza akusankha nandolo pakhonde.

"Amayi, ine ndikupita ku Limbe. A Likoswe aja ogula mbewu pa Migowi akufuna mnyamata wosoka matumba kunyumba yawo yosungira katundu."

Ndinadikira chiphaliwali. Ndinali nditakonzekera mayankho okwana mlungu wathunthu. Koma iwo sanatukule n'komwe maso.

"Pita, mwanaka. Ine mutuwu ukungondilemera."

"Mutu? Amenewo ndi matenda? Ku Limbe mapiritsi a mutu amagulitsa ngati mtedza. Ndizikakutumizirani mpaka mudzatsegule chipatala chanu."

Edina ali pakhomo ndi kope m'manja anati, "Achimwene, mukukasoka matumba kapena mukukasoka mabodza?"

"Iwe khala chete, uziwerenga. Sutikesi yako ndikagula ya matayala."

Ndinanyamuka Lolemba, pamwamba pa matumba a nandolo, m'lole ya a Likoswe.

Za ku Limbe ndinganene mpaka mawa. Anthu ndi ambiri moti ukagwetsa ndalama siifika pansi, imagwera paphazi la munthu. Ndinkagona ku Bangwe m'kachipinda koti ukayetsemula mutu umagunda khoma lakutsogolo n'kubwerera lakumbuyo. Ntchito inali singano yaikulu ndi ulusi, thumba pambuyo pa thumba, kuyambira m'mawa mpaka zala zitaiwala dzina langa. Ndipo dzina langalo palibe ankalitchula. Onse ankangoti "iwe Phalombe." "Iwe Phalombe, kokera kuno." "Iwe Phalombe, tanenanso mawu aja timve mmene mumaimbira kwanu." Ndinkaseka nawo, nanga ndikanatani.

Koma ndisaname, ngakhale kunama ndiye luso langa. Ndinkasowa kwathu. Ndinkasowa kalongonda wa amayi, uja amamuphika tsiku lonse n'kumataya madzi kangapo kuti poizoni wake achoke. Ndinkasowa fumbi la msewu wa ku Chiringa ndi mabelu a njinga. Kuposa zonse, ndinkasowa kukalipiridwa. Tsiku lina mayi wina pamsika anakalipira mwana wake m'Chilomwe, ine ndinaima pomwepo ngati mtengo wa magetsi, kumvetsera mpaka atamaliza. Mayiyo anandiyang'ana n'kugwiritsitsa kachikwama kake.

Lamulungu lililonse masana Edina ankandiflasha, ine n'kuimba. Nkhani zake zinali zomwezomwezo.

"Amayi, muli bwanji?"

"Tilipo, mwanaka. Koma mutuwu."

"Aja ndinatumiza aja sanagwire?"

"Zikomo, tinalandira."

Ndiye ine n'kuyamba. Ndinkawauza kuti andikweza, ndine woyang'anira anyamata makumi atatu. Kuti nkhuku ndatopa nayo, ndikaiona ndimachita mseru. Chonsecho ndiwo zanga zinali soya pisesi Lolemba mpaka Lolemba linzake. Edina ndikamufunsa za sukulu ankangoti, "Zili bho, achimwene," n'kubwezera foni kwa amayi. Ine ndinkakulitsa zanga, iwo ankachepetsa zawo, ndipo tonse tinkadula foni titakhutira kuti tamusamala mnzathu.

Mwezi ukatha ndinkatumiza kangachepe pafoni, komanso kaphukusi kudzera kwa kondakitala wina wa minibasi za ku Migowi: shuga, sopo, ndi mapiritsi. Amayi akati mutu sukusintha, ine ndinkasintha mapiritsi. Oyera akanika, ndigule ofiira. Ofiira akanika, ndigule a m'kabokosi amene wogulitsa anandilumbirira kuti amamwa mabwana okhaokha. Ndinkadziona ngati dokotala wamkulu wa Phalombe yense. Miyezi isanu ndi umodzi ndinachita zimenezi.

Kenako tsiku lina masana, singano ili m'manja, foni inalira. Nambala yachilendo.

"Kodi ndikulankhula ndi achimwene ake a Edina? Ine ndine a Nyirenda, aphunzitsi ake."

Ndinawakumbukira, bambo wa kumpoto wamtali amene anabwera pasukulu pathu ine nditachoka kale.

"Edina wajomba masabata asanu. Mayeso atsala pang'ono. Ndinapita kwanu, anandichingamira pamsewu, akuti amayi akugona, sindingalowe. Kodi chikuchitika n'chiyani?"

"Aphunzitsi, mwina mwasokoneza ana. Edina wathu amapita kusukulu ngakhale Loweruka kukaona ngati yatsegula."

"Sindinasokoneze. Mwana ngati ameneyu m'kalasi amakhala mmodzi."

Ndinamuimbira Edina pomwepo. Ndinayamba ndi ukali, za sutikesi, za zala zanga zotupa. Anandisiya ndimalize. Kenako anati, "Achimwene, bwerani mudzaone nokha. Koma mapiritsi musabwere nawo."

A Likoswe nditawapempha masiku atatu anandilozera pageti. "Waona anyamata ali apowo? Onsewo akufuna singano yakoyo. Ukapita, wapita." Ndinaiika singanoyo pathumba bwinobwino, n'kupita. Mapiritsi ndinanyamulabe, poti ndinali nditagula kale, ndipo za mwana wa Sitandade 8 zingamuuze chiyani dokotala.

Ndinatsika pa Migowi nditatchena, magalasi akuda obwereka kumaso, n'kukwera kabaza mpaka kwathu. Njira yonse ndinkakonza mmene ndikalowere. Ndinkati amayi akandiona akuwa mpaka Michesi ayankhe, kenako andikalipira chifukwa cha tsitsi langali.

Pabwalo panali posasesa. Udzu unali utafika pakhonde. Mtondo unali chafufumimba, nkhuku itaikira pambali pake. Amayi ndinawapeza kuseri kwa nyumba, pamphasa, atayang'ana kumunda wa miyala uja. Apa sindikulitsa kanthu: anali atatha, chitenje chikuwazungulira kawiri.

"Amayi, ndabwera."

"Wabwera."

Basi. Osafunsa ngati ndadya. Osaona tsitsi. Magalasi aja ndinavula ndekha n'kuika m'thumba.

Edina anandikodola. Tinapita kunkhokwe, iye n'kukwera, n'kutsitsa chikwama chake cha sukulu chimene anachibisa pansi pa denga.

"Bola chikwama ukuchisamala," ndinatero, kufuna kuseketsa.

"Tsegulani."

Munalibe kope ngakhale limodzi. Munali mapiritsi anga onse. Oyera, ofiira, a mabwana aja, miyezi isanu ndi umodzi yathunthu. Pansi pake panali chingwe cha mbuzi yathu ndi botolo la mankhwala a anankafumbwe.

"Tsiku lina anatiweretsa msanga," Edina anatero, akuyang'ana pansi. "Ndinawapeza atamasula mapiritsi onse pachitenje, kapu ya madzi ili pambali. Atandiona anati, Edina, ine ndikanapanda kukhalapo, mwina a kutchalitchi akanakutenga n'kukuphunzitsa bwino. Ndinawalanda. Kuyambira tsiku limenelo sindichoka pakhomo. Kumjigo ndimapita chothamanga."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Amakuuzani Lamulungu lililonse kuti mutu."

"Mutu ndi mutu, Edina."

"Inu mumangonena za nkhuku. Komanso anati tisakusokonezeni, mwakwezedwa kumene."

"Nanga a Nyirenda? Nanga amayi a kukwaya?"

"Kuti mudzi wonse uzinena kuti amake Edina apenga? Kuti kusukulu azinditi mwana wa wamisala?"

Ali ndi zaka khumi ndi zitatu mwana ameneyu. Ine ndili ku Limbe kudzitcha dokotala, mwezi ndi mwezi ndinkamutumizira katundu woti abise. Phukusi latsopano lija linali m'thumba mwanga, likunditentha ngati khala la moto. Ndinalitulutsa n'kuliponya momwemo.

Ndinabwerera kuseri kuja n'kukhala pamphasa. Tinakhala choncho, ine ndi amayi, kuyang'ana miyala, mpaka mthunzi wa nyumba unatipitirira.

"Amayi, mapiritsi aja simunamwe."

"Mutu wake si umenewo, mwanaka."

"Ndi uti?"

"Ndi maganizo. Ndikangotsegula maso amayamba. Munda uwu. Abambo ako. Edina akakhoza ndidzamupatsa chiyani. Iwe uli kwa eni ake chifukwa cha ine. Amangozungulira ngati chigayo chopanda chimanga, phokoso lokhalokha, ufa osatuluka. Ndiye ndimatopa. Ndimati ndidzuke ndisese, thupi limakana. Edina wasiya sukulu ndikuona, ndipo akakhala pakhomo chigayo chija chimalira kwambiri."

"Bwanji simunanene choncho pafoni?"

"Ukanagula a mtundu wanji?"



"Amayi," ndinatero, "munandipatsa dzina loti Ganizani, kenako n'kumaganiza nokha zonse. Tigawane ntchito. Komanso ku Limbe sindinali woyang'anira aliyense. Nkhuku ndinadya kamodzi, ndipo linali khosi."

Sanaseke. Koma anatembenuka n'kundiyang'ana, koyamba chifikireni.

M'mawa mwake ndinabwereka njinga kuti tipite kuchipatala. Anakana kaye. "Ndikawauze kuti chikundipweteka n'chiyani? Anthu akupita ndi malungo, ine ndikapite ndi maganizo?" Ndinati mukawauze za chigayo zomwezo. Edina anawaveka mpango, tinawakweza pakaliyala. Anali opepuka moti kangapo ndinacheuka kuona ngati alipo.

Ine ndinkaopa kuti akatiseka, kapena akatipatsa mapiritsi oyera omwe aja. Koma adokotala amene tinawapeza anatseka chitseko n'kukhala ndi amayi nthawi yaitali, anthu pamzere mpaka kuyamba kung'ung'udza. Kenako anandiitana ine. Anati amenewa ndi matenda ngati ena onse, si ufiti, si ulesi, si kuchepa kwa pemphero, ndipo amachizika, kungoti safuna changu. Anatipatsa tsiku lobweranso. Anati mankhwala amene awapatsewo azisunga ndi munthu wina, ndipo amayi asamakhale okha.

"Koma munthu wake asakhale mwana wa sukulu," anatero. "Ameneyo abwerere m'kalasi. Ndipo mupeze wamkulu mmodzi amene mumamukhulupirira, mumuuze. Inunso ndinu mwana."

Ndinafuna kutsutsa zoti ndine mwana, koma ndinangotulutsa jumbo ya mapiritsi anga n'kuika patebulo. Anasuzumiramo n'kundiyang'ana.

"Achimwene, munathyola sitolo ya mankhwala?"

"Ayi adokotala, ndimafuna kutsegula yanga."

Wamkulu amene tinamuuza ndi mayi Namaona, mnzawo wa amayi wa kukwaya. Edina anatsutsa mpaka misozi. Koma mayiwo atamva sanathamangire kukalengeza pamjigo ngati mmene tinkaopera. Anakhala pansi n'kunena kuti iwonso, mwana wawo atapita ndi madzi aja, anatha miyezi osafuna kuona dzuwa. "Ndinkaona ngati mwandinyanyala, anzanga," anawauza amayi. Pano amabwera Lachitatu ndi Loweruka ndi lichero lawo, amasankha mbewu limodzi. Nthawi zina amacheza, nthawi zina ayi.

Edina anabwerera kusukulu Lolemba lotsatira. Chikwama chija tinachichapa katatu kuti fungo la mankhwala a anankafumbwe lichoke. Ananyamuka, kufika pamsewu, n'kubwerera.

"Achimwene, musagone."

"Pita."

Anafika pamtengo wa mango, n'kubwereranso.

"Akapita kuseri muzipita nawo."

"Edina, ukabwereranso ndikunyamula pamutu mpaka m'kalasi, anyamata onse akuone."

Anapita, koma akucheuka mpaka pokhota. A Nyirenda ankatsala naye masana, anzake akaweruka, kuti apeze zimene anaphonya.

Ine ntchito ndinaipeza pamunda pomwepo. Miyala ija ndimaswa ndi hamala n'kugulitsa kwa omanga nyumba pa Chiringa. Napolo anatilanda nandolo n'kutipatsa kwale, miyala yomangira, ndiye tizidya zomwezo. Amayi amakhala pamthunzi wa mwala waukulu uja, ine ndikuswa ana ake, ndikuwasimbira za ku Limbe. Masiku ena amadzuka n'kusesa bwalo lonse. Masiku ena mphasa yomweyo, maso kumiyala, ndipo ine mtima umabwerera m'nkhokwe muja. Za madala sitinamvebe kanthu. Sutikesi ya matayala sindinagule, ndipo kaya ndidzaigula ndi chiyani.

Chimene chinkandipweteka n'choti ku Limbe ndinkasowa kwathu, n'kumadzitonthoza kuti minibasi ilipo. Koma ndinafika kwathu, nyumba yomweyo, phiri lomwelo, n'kumasowabe kwathu ndili pakhonde. Kumene ndinkakufunako kulibe siteji yake. Tsiku lililonse ndinkachita dala zopusa, kusiya khasu pakhomo, kumwera madzi m'chikho chotungira, kudikira kuti mwina lero andikalipira. Amayi ankangoona basi.

Tsiku loyamba la mayeso a Edina linafika. Anavala yunifolomu yosita ndi makala, mapensulo awiri m'manja, ndipo ulendo uno sanabwerere ngakhale kamodzi. Ine ndinati mwana ameneyu akamabwera apeze chakudya cha ulemu. M'nyumba munali kalongonda wotsala wa chaka chatha. Ndinamutereka m'mawa, moto wa nkhuni zenizeni, amayi ali pamphasa pakhonde. Ndinataya madzi kamodzi. Dzuwa lisanafike n'komwe pamutu ndinadina kamodzi ndi chala, ndinaona wafewa. Ndinati anthu akale ankangokonda kuvutika, tsiku lonse la chiyani. Ndinaphula, kuthira mchere, n'kuyamba kupakulira m'mbale.

"Iwe Ganizani."

Mbale inatsala pang'ono kugwa. Nkhuku zinabalalika.

"Wataya madzi kangati? Ndikufunsa iwe, wataya kangati? Kalongonda wa maola atatu unamuona kuti? Ukufuna utiphe tonse m'nyumba muno? Mwana akulembanso mayeso mawa, iwe ukufuna akalembere kuchipatala? Ku Limbe kwakoko anakuchotsa nzeru n'kukusokera mankhusu m'mutumo?"

Anali ataimirira, manja m'chiuno, mpango utapendekeka. Kenako analowa m'Chilomwe. Ndikukuuzani, Ganizani wa ku Migowi uja anayankha.

Ine ndinangoima ndi chipande m'manja, misozi ili chuchuchu, ndikuseka ngati chitsiru. Amayi oti miyezi yapitayo ankafuna kuchoka, lero akundikalipira kuti ndisawaphe.

"Ukuseka chiyani? Bwezera pamoto. Tunga madzi ena. Ndipo tsitsi limenelo ukamete, ukuoneka ngati tsache."

Edina anatipeza choncho, mphika uli pamoto, amayi atandilanda chipande. Anaima pamtengo wa mango, chikwama kumsana, kumvetsera. Sanafune kuyandikira msanga, kuopa kuti angasiye.

Zotsatira za mayeso a Edina sizinatuluke, ndipo Lachinayi likubwerali tikupitanso kuchipatala. Koma kalongonda uja tinadya dzuwa litapendeka, atatu, mbale imodzi. Amayi anafunsa Edina kuti mayeso anali bwanji, iye anati, "Masamu anali ovuta, ndipo ndinachita mantha." Anandifunsa ine kuti wakoma, ndinati wakoma. Sindinawonjezere kanthu.